Mpira Umene Unagwa Pamapazi a Henry

Jairos Kamtedza ndamudziwa zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira 2003 pamene anafika kuno ku Birmingham ndi chikwama chimodzi ndi kajekete kopyapyala koti sikakanalimba ngakhale ndi mphepo ya ku Dedza. Zimene ndilembe apa, zina ndinaona ndekha, zina anandiuza mwini wake. Si munthu wokometsera nkhani, ndipo nanenso sindikometsera.

Kwawo ndi ku Dowa. Kumeneko anali mphunzitsi wa pulayimale komanso mlembi wa mpingo, munthu amene pamaliro ankapatsidwa pepala kuti awerenge mbiri ya malemu. Mkazi wake Felista ndi namwino. Ndiye anatsogola kudzagwira ntchito pachipatala chachikulu cha ku Edgbaston, ndipo patatha chaka anaitanitsa mwamuna wake ndi mwana wawo Sangwani. Anapeza nyumba ku Nechells, pansanjika yachitatu, moyang'anizana ndi mashedi a mafakitale. Uphunzitsi wa ku Dowa kuno sunawerengedwe, choncho Jairos analowa ntchito panyumba ina yosungira okalamba ku Aston: kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwadyetsa, kuwakankha panjinga ya olumala mpaka pawindo. Amuna ena amaibisa ntchito imeneyi akamaimba foni kumudzi. Jairos sanaibise. Ankati zimene sanathe kuwachitira bambo ake omubala akuwachitira abambo a eni, ndipo mtima wake unkakhala m'malo.

M'chipinda chakumapeto kwa khonde munkakhala mdala wina wachingerezi, a Wallace, a zaka 81. Sitiroko inawapha dzanja lamanja, koma mutu ndi pakamwa zinali bwinobwino. Pakabati pawo panali golovu yachikopa, yaikulu, yakuda ndi ukalamba, ndi chithunzi cha anyamata ovala zipewa.

Tsiku loyamba kuwameta, Jairos analoza chithunzicho ndi lumo. “Munkasewera kiriketi, bambo?”

“Kiriketi ndi ya anthu osiya masewero kukamwa tiyi,” a Wallace anatero, thovu lili kukamwa. “Iyo ndi besibolo. Ndipo ankatilipira, tinali akatswiri ife. Meta bwino apo, ndikuuze.”

Anamufotokozera mmene amasewerera. Wina amaponya mpira wolimba ngati mwala, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo. Akabwerera pamene anayambira, chimenecho n'chigoli. Koma mpirawo ukawakhidwa m'malere usanagunde pansi, womenyayo watuluka. Ntchito ya a Wallace inali kuima kutali kumapeto kwa bwalo kudikira mipira yam'mwambayo, ndipo pambali pawo pankaima mnzawo, Henry. Malinga ndi kunena kwawo, masewerowa anawaonera asilikali a ku Amereka nthawi ya nkhondo, ndipo nkhondo itatha mafakitale angapo a mbali ino anakhala ndi matimu awo. Iwo ankasewerera fakitale ya mabauti imene inali ku Nechells komweko, imene lero kulibe.

Kuyambira tsiku limenelo panakhazikika dongosolo: kumeta kumodzi, gemu imodzi. A Wallace ankafotokoza sizoni ya 1951 motsatira ndondomeko, osadumpha. Gemu yoyamba inali ya mu Meyi, mvula ikugwa, ndipo anapambana ali matope okhaokha. Isanafike yachitatu, woponya wawo anadulidwa chala ndi makina, n'kupeza wina wa ku Canada amene anatsalira kuno chifukwa cha mtsikana wa ku Dudley. Popita ku Coventry kukasewera yachisanu ndi chiwiri, lole inafa panjira, anafika akuikankha, n'kupambanabe. Pagemu ya nambala 11 Henry anamenya mpira kudumphitsa mpanda mpaka unakagwera mu ngalande yamadzi, kawiri tsiku limodzi. Mdalayo ankakumbukira zigoli, mayina, ngakhale kumene mphepo inkachokera.

Jairos ankasangalala nazo. Anagula kope n'kumalemba akakwera basi yobwerera kunyumba, Chichewa ndi Chingerezi mosakaniza, poti dzanja la mlembi silizolowera kukhala chabe. M'kopemo ndi mmene anaonera chinthu chimodzi. A Wallace ankati sizoniyo inali ndi magemu 18, ndipo yomaliza ndiyo inali yolimbirana chikho. Koma akafika pa 17, m'mawa wotsatira ankayambiranso ku mvula ya mu Meyi. Anazungulira choncho kanayi. Jairos sanafunse, poti kwathu mkulu akasiya nkhani, wamng'ono saitola.

Lolemba lina mu 2007 anafika kuntchito mawu atasasa.

“Wachita chimfine?” a Wallace anafunsa.

“Ayi bambo, kuimba. Loweruka tinali ku Wolverhampton. Mnzathu wina anamwalira, ndiye tinali ndi mapemphero thupi lisanapite kumudzi. Ine ndiye ndinawerenga mbiri.”

“Mbiri yotani?”

Jairos anafotokoza kuti kwathu munthu saikidwa m'manda wina asanaime pagulu kunena kumene anabadwira, kumene anaphunzira, ntchito zimene anagwira ndi ana amene wasiya.

“Mumanena zonse?”

“Timanena zabwino.”

“Ndiye kuti mumanama.”

“Sitinama, bambo. Timangosankha.”

A Wallace anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anamuuza kuti aike lumo pansi. M'mawa umenewo ndi pamene anafotokoza gemu ya 18.

Inali mu Seputembala, ndipo ankasewera ndi timu ya fakitale yamagalimoto. Chakumapeto timu ya mabauti inkatsogola ndi chigoli chimodzi, ndipo inkafunika kutulutsa munthu mmodzi yekha kuti chikho chikhale chawo. Adani awiri anali ataima pangodya, okonzeka kuthamanga. Womenya anaukweza mpira m'mwamba kwambiri, pakati pa Wallace ndi Henry. Pamasewerowa pali lamulo limene aliyense amalidziwa: anthu awiri akathamangira mpira umodzi, amene wakuwa kuti “Wanga!” ndiye awakhe, winayo aime kuti asagundane. Wallace anakuwa. Henry anaima. Kenako dzuwa linamulowa Wallace m'maso, mpira unamusowa, anachita mantha n'kubwerera m'mbuyo. Unagwa pamapazi a Henry, amene anali chiimire manja ali pansi. Awiri aja anathamanga n'kugoletsa, chikho n'kupita.

Anthu kubwalo sanamve kukuwa kuja chifukwa cha phokoso. Anangoona Henry ataima ngati chitsa, mpira uli pamapazi pake. Kufakitale Lolemba lililonse Henry ankapeza wina atamuikira mpira pansi pa makina ake. Khirisimasi isanafike anasiya ntchito n'kupita kukayendetsa mabasi ku West Bromwich. Wallace sananene kanthu kwa wina aliyense. Henry anamwalira mu 1994, ndipo Wallace anapita kumaliro, anaima kumbuyo, n'kuchoka mwambo usanathe.

“Ali ndi mwana wamkazi, Ann,” a Wallace anatero. “Keyala yake ili mu kabatimo. Ndikafa ukamuitane. Ukawerenge mbiri ija ngati kwanu, koma usasankhe. Unene kuti ndinakuwa ndine.”

“Bwanji osamuitana panopa, mumuuze nokha muli moyo?”

“Ndayesa zaka 56. Pakamwa pamauma. Iwe pako sipauma, ndakumva ukukangana ndi ophika.”

Ine mdalayo sindimuikira kumbuyo. Nkhani yake anayenera kuisenza yekha, osati kumusenzetsa mwana wa eni. Koma Jairos naye analakwa kwake. Anayankha mmene timayankhira akuluakulu kwathu: “Chabwino bambo, zichitika.” Ndi chabwino amene timanena kuti mkulu asachite manyazi, tikudziwa kuti mawa nkhaniyo izizira. Mngerezi sadziwa chabwino wotero. Tsiku lotsatira a Wallace anaitanitsa manijala wa nyumbayo, n'kulembetsa pamapepala a zofuna zawo zomaliza kuti pamaliro awo adzalankhule ndi Jairos Kamtedza. Anasaina ndi dzanja lamanzere.

Felista anaimva nkhaniyi m'mawa wina akuvula nsapato, atangoweruka.

“A bambo a Sangwani, inu mwavomera kukaima pamaliro a eni n'kumawauza kuti bambo awo anali wamantha?”

“Sindinavomere kwenikweni. Ndinangoti chabwino.”

“Kuno chabwino ndi siginecha. Simunaphunzirebe? Tsiku lija munati chabwino kwa manijala, munagwira mashifiti a Khirisimasi yonse.”

“Mwina akhala zaka zina khumi, aiwala.”

“Munthu wokumbukira mphepo ya 1951 aiwale za dzana?”

Sanaiwale. Anapitiriza kuzungulira magemu awo pometa, koma tsopano ankafika mpaka pa 18, n'kufunsa kuti, “Walemba?” Jairos ankayankha kuti walemba. Anakhala bwino miyezi imeneyo. Mdalayo ananenepako, ndipo masana ankalola kuti amukankhire kumunda kukaothera dzuwa, golovu ili pamiyendo. Anamwalira mu Febuluwale 2008, ali mtulo.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'mapemphero muholo imene timabwereka ku Aston, Jairos anatiitana amuna pambali kutifunsa nzeru. A Ackson, mkulu wa mpingo, anakana ndithu. Anati wakufa sitimuvula pagulu, ndipo mbiri ndi yotonthoza otsala, osati yoweruza wopita. Anati awerenge magemu opambanawo, anthu aombe m'manja, basi. Jairos anagwedeza mutu movomereza, poti ndi zimene nayenso anakulira. Atandiyang'ana, ine ndinangomufunsa ngati analonjeza kapena sanalonjeze.

Lachiwiri, tsiku lake lopuma, anavala suti n'kukwera basi ya ku West Bromwich, kope lili m'khwapa. Amene anatsegula chitseko anali mayi wa imvi, wovala magalasi.

“Tili ndi tchalitchi chathu kale, zikomo,” mayiyo anatero ataona suti ndi kope.

“Sindinabwerere za tchalitchi, mayi. Ndinu a Ann, mwana wa a Henry? A Wallace a kufakitale ya mabauti amwalira. Anapempha kuti mudzakhalepo pamaliro.”

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. “Wallace wa besibolo? Akundifuniranji?”

“Pali mawu anu.”

Sanalonjeze kubwera, koma anafunsa tsiku ndi malo. Kuchoka apo Jairos anaimbira foni Helen, mwana wa a Wallace, amene ankakonza mwambo, n'kumuuza zimene bambo ake anamutuma kukanena. Helen anati bambo ake anali ouma mutu ali moyo ndipo sakudabwa. Anawonjeza kuti mwambo wonse ndi wa mphindi makumi atatu, ndipo Jairos ali ndi zisanu.

Iye anali atalemba masamba asanu ndi anayi. Felista anamuuza kuti adule. Anadula theka la tsamba.

Maliro anali kunyumba yotenthera mitembo, Lachisanu m'mawa. Mbali ya abale kunali Helen ndi mwamuna wake, amayi awiri okalamba ndi manijala. Ife a kumpingo tinapita anthu khumi ndi anayi, poti sitikanamusiya mnzathu kukaima yekha, ndiponso maliro a anthu asanu kwathu ndi chinthu chochititsa manyazi. Amayi anamanga zitenje pamwamba pa makhoti. Pakhomo panaima bambo wa khoti lakuda, woyang'anira nthawi, ndipo panja abale a maliro otsatira anali atayamba kale kufika. Ann analowa mochedwa n'kukhala kumbuyo kwenikweni.

Jairos ataitanidwa, anayamba mmene ankayambira ku Dowa, koma m'Chingerezi. Anapereka ulemu kwa abusa, kwa mwana wa malemu, kwa mkamwini, kwa manijala ndi onse ogwira ntchito, kwa amayi awiri aja, kwa akulu a mpingo, kwa amayi onse ndi abambo onse. Anapepesa kuti iye ndi wamng'ono kuima pamaso pawo. Mphindi ziwiri zinathera pamenepo. Ananena za kubadwa kwa malemu ndi ntchito ya mabauti, n'kulowa mu mvula ya mu Meyi. Anali pa chala cha woponya uja pamene wa khoti lakuda anakweza chala chimodzi, kusonyeza kuti yatsala mphindi imodzi. Felista anatsokomola.

Anandiuza pambuyo pake kuti panthawi imeneyo mtima wake unapepuka. Nthawi inali itamuthera yokha. Akanangowerengabe mpaka kumuimitsa, n'kukhala pansi, ndipo palibe akanamunena. A Ackson akanakondwa, Helen akanapuma, ndipo iye akanati analephera chifukwa cha wotchi ya azungu. Koma atakweza maso anaona Ann kumbuyo kuja, chikwama chili pamiyendo, atabwera ndi mabasi awiri chifukwa cha mawu amene iye anamuuza kuti alipo.

Ananyambita chala n'kutembenuza masamba onse mpaka lomaliza.

“Kwathu pamaliro timanena zabwino zokha,” anatero. “Izi ndinene chifukwa mwini wake anandituma. Pagemu yomaliza ya 1951 mpira unagwa pamapazi a Henry, ndipo anthu anati wataya chikho ndi Henry. Si zoona. A Wallace anakuwa kuti mpirawo ndi wawo, ndipo Henry anaima monga lamulo linenera. A Wallace ndiwo anaulephera, n'kukhala chete zaka zonsezi. Akuti Henry sanalakwe. Akuti pepani.”

Anapinda mapepala n'kukhala pansi. Mmodzi wa amayi okalamba aja anafunsa mnzake mokweza kuti wati chiyani. Kenako amayi athu anayambitsa nyimbo motsitsa, tinaimba ndime imodzi yokha, makatani n'kutsekeka kubisa bokosi, wa khoti lakuda n'kutsegula chitseko chotulukira.

Panja, pamalo oika maluwa, Helen anamugwira Jairos dzanja, n'kumupatsa jumbo. Munali golovu ija. A Ackson anang'ung'udza kuti mwambo wa theka la ola si maliro, ndi kudikira basi. Ann anabwera pomaliza.

“Bambo ankanena,” anatero. “Khirisimasi iliyonse akamwako pang'ono ankati, ‘Wallace anakuwa.’ Ife tinkaseka. Amayi ankangoti, ‘Henry, idya.’”

Anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Kenako analoza mapepala aja.

“M'masamba munadumphawo muli za bambo anga?”

“Zambiri, mayi. Pagemu ya 11 anamenya mpira mpaka mu ngalande, kawiri tsiku limodzi. Ku Coventry ndiwo anakankha lole kutsogolo kwa onse.”

“Zimenezo sanatiuzepo. Ankangonena za mpira umodziwo.” Anatambasula dzanja. “Mungandipatse?”

Jairos anachita manyazi. Masambawo anali chidule chabe, ndipo kope lenilenilo linali losakaniza zilankhulo ziwiri, lolembedwa basi ikugwedezeka. Anamuuza kuti amulembera bwinobwino sizoni yonse, magemu onse 18, m'Chingerezi chowerengeka, ndipo adzabweretsa yekha. Felista anamuponda phazi pang'ono.

“Uyu si chabwino uja,” Jairos anamunong'oneza. “Uyu ndi weniweni.”

Kuntchito palibe anamudandaula. Chipinda chakumapeto munalowa mdala wina amene salankhula za masewero aliwonse, ndipo Jairos amamumeta mwakachetechete. Golovu ili pamwamba pa kabati ku Nechells. Tsiku lake lopuma amakhala patebulo la kukhitchini ndi kope latsopano, kulemba ndi dzanja lake la uphunzitsi lija, pang'onopang'ono, poti safuna kuika chigoli chimene mdalayo sananene. Pamene sakutsimikiza amasiya mpata n'kulemba kuti apa sakudziwa. Akamaliza gemu imodzi amakaijambulitsa n'kutumiza ku West Bromwich, ndipo Ann amayankha ndi kakhadi.

Lamulungu lapitali ndinamufunsa kuti wafika pati. Anati pa 14. Atsala anayi, ndipo kope lonse akuti akapereka pamanja mu Seputembala.